Mkombero wa Pakhoma la Bafa

Ndinachoka ku koleji ya aphunzitsi ndisanamalize chaka chachiwiri. Ena amati anandithamangitsa. Ine ndimati tinagwirizana ndi mkulu wa kolejiyo kuti mmodzi wa ife achoke, ndipo iye anali ndi banja. Ndinabwerera ku Kitwe, m'komboni ya mgodi momwe atate anali kalaliki, nditatenga jekete, buku limodzi lopanda chikuto, ndi mbiri yoti ndine munthu wodziwa zinthu. Nkhondo yaikulu ija inali itangotha kumene.

Kunyumba ndinapeza mlandu wa mlongo wanga, wonditsatira. Anali atamaliza Sitandade 4, ndipo sukulu ya m'komboni inathera pomwepo. Mtsikana wotha msinkhu masiku amenewo sankangokhala m'komboni: akhale pasukulu kapena pabanja, apo ayi abwerere kumudzi. Apolisi a komboni anali atafika kale kawiri kudzafunsa kuti wamtali uyu ndi wa yani. Atate analembera kalata azakhali kwathu ku Nyasaland, ndipo azakhali, amene sankachedwa pa nkhani zotere, anayankha kuti mwamuna wapezeka, wamasiye, wa ana anayi, wosamwa mowa kwambiri.

Lamulungu lina mkulu wa mpingo analengeza kuti dona wa sukulu yogonera ya atsikana adzafika ku Ndola kudzasankha ana. Malo anali ochepa. Adzayesa kuwerenga ndi masamu, komanso sukuluyo inali ndi timu ya mpira woponya mumkombero, ndipo donayo ankafuna atsikana oti akhoza kusewera. Tchalitchi chonse chinatembenuka kuyang'ana mlongo wanga, amene ngakhale atakhala pansi ankaoneka ngati waimirira.

Titafika kunyumba atate anandifunsa, “Iwe, kukoleji kuja mpira umenewu unauona?”

“Ndinauona, atate.”

Sindinaname. Ndinauona pawindo la chipinda cha odwala, sabata imene ndinadwala malungo a mayeso.

“Ndiye umuphunzitse. Akasankhidwa, kalata ya azakhali ako ndiing'amba. Akalephera, mwezi ukatha akwera sitima.”

Ndinachotsa mkombero pa mgolo wakale, ndinabwereka mpira wachikopa wotha ku holo ya mgodi, ndipo ndinakhoma mkomberowo pakhoma la bafa la onse, pa thabwa lomaliza, pansi pa malata. Mlongo wanga anaima m'munsi atagwira misomali.

“Achimwene, ndi pamenepa?”

Ndinatenga chingwe, ndinayeza kuchokera pansi, ndinamanga mfundo, ndinakwinya nkhope monga amachitira anthu ophunzira. “Ndi pomwepa. Lamulo la ku Ulaya.”

Ndinene zoona, poti zaka zapita. Ndinkakumbukira bwino kuti mtengo wokolekapo mkombero wa kukoleji unali wautali kupitirira denga la khonde. Koma khoma la bafa linathera pamenepo, ndipo kupeza mtengo wautali kukanafuna kuti ndipite kuthengo, ndidule, ndisenze. Komanso mwanayo ankandiyang'ana mwa mtundu umene palibe wina anandiyang'anapo chibwerereni changa. Munthu akamakukhulupirira chonchija, kumuuza kuti sukudziwa n'kumuchitira mwano. Ndimo mmene ndinaganizira.

Anayamba kuponya. Akatunga madzi m'mawa, amaponya. Akachapa yunifolomu ya atate, amaponya. Amayi achiBemba pampopi ankatiseka osabisa. “Awe mukwai, aprofesa,” anatero mmodzi, “mkazi wamtali kale, inu mukumuphunzitsanso kugenda? Adzamukwatira ndani?”

“Ndicho cholinga chake, mayi,” anayankha mlongo wanga, mpira uli m'mwamba.

Ine ndinkakhala pa ndowa yovundikira ndi kupereka malangizo. Chigongono mkati. Puma kaye. Mawu amenewa ndinkawapeka pomwepo, koma ankagwira ntchito, zomwe zinandidabwitsa kuposa wina aliyense. Pofika sabata yachitatu sankaphonya. Ankatha kutsinzina, kuponya, mpira n'kulowa osakhudza chitsulo. Manja ake anaphunzira mtunda umenewo monga phazi limadziwira khomo la kwawo. Atate anabwera tsiku lina kudzaonerera, anaima manja kumbuyo, ndipo madzulo ake anandipatsa ndudu yathunthu.

Tsiku litafika tinakwera sitima kupita ku Ndola, mlongo wanga atavala diresi la kutchalitchi, ine jekete. Bwalo linali kuseri kwa tchalitchi china, dothi lofiira losesedwa bwino. Pakati pake panaima mtengo, wokha, wopanda khoma kumbuyo, mkombero uli kutali m'mwamba. Ndinauona tili pageti. Nthawi inalipo yoti ndimukokere pambali, ndimuuze kuti mlongo wanga, uwu ndi wautali, uponye mokweza. Koma kunena zimenezo kunali kuvomera zina. Ndinakonza kolala ya jekete.

Kuwerenga anakhoza bwino. Masamu anakhoza pakatikati, monga atsikana ena ambiri, ndiye zonse zinatsalira pa mpira. Aliyense anapatsidwa mwayi woponya kasanu.

Mlongo wanga anaima, chigongono mkati, anapuma, anaponya. Mpira unanyamuka mokongola zedi n'kukagunda mtengo, pansi pa mkombero, kutsala mkono wathunthu. Wachiwiri unagunda pamalo pomwepo. Wachitatu pomwepo, ngati pali chizindikiro.

“Kweza, mwana wanga, kweza,” anatero dona m'Chinyanja chake chopindika.

Anayesa. Wachinayi unauluka kupitirira zonse n'kukagwera m'munda wa mbusa. Wachisanu manja anabwerera ku zimene ankadziwa. Pomwepo.

Pambuyo pake panabwera kamtsikana kakafupi ka ku Luanshya, kamene ndikhulupirira kanali kasanagwirepo mpira. Kanauponya ndi manja awiri kuchokera m'mawondo, ngati kakukweza dzungu padenga. Mipira iwiri inalowa. Dona analemba m'buku lake.

Pobwerera tinakweranso sitima, ine ndi mlongo wanga. Ndinkadikira kuti andifunse za chingwe chija, ndipo ndinali nditakonza kale mayankho atatu, lina lokhudza kusiyana kwa malamulo a Angerezi ndi a Amereka. Sanafunse. Anali kuyang'ana zikhatho zake.

“Manja anga achita mantha, achimwene. Ndakuchititsani manyazi, inu mwavutika nane chonsecho.”

Ndinayang'ana pawindo. “Zimachitika,” ndinatero. “Ngakhale kwa akatswiri.”

Kunyumba anawauza atate yekha kuti walephera. Atate anandiyang'ana ine, ine ndinagwedeza mutu mwachisoni, monga mphunzitsi amene wachita mbali yake. Amayi anapita kuseri kwa nyumba, anakakhalitsa kumeneko.

Mwezi utatha tinamuperekeza kusiteshoni. Anatenga bokosi lachitsulo la amayi ndi mtolo wa nsalu, ndipo ankayenda ndi mkazi wa kalaliki wina amene ankapitanso kwathu. Pokwera anawerama kuti asagunde mutu pachitseko. Atakhala, anatulutsa nkhope pawindo n'kundiitana.

“Achimwene, mukamandilembera kalata muziikamo mawu a Chingerezi atsopano, asanu kapena atatu, ndi matanthauzo ake. Kumeneko ndikaiwala.”

Ndinalonjeza, dzanja pachifuwa, anthu onse akumva. Ndinalemba kawiri.