Ndinapita pa Salima kukaona mkazi mnzanga

Ndinanyamuka kwathu, kugombe loyang'anana ndi Mbenji, Loweruka m'mawa nkhuku zitangotsika. Mwana wanga Estere ndinamuuza kuti ndikupita pa boma kukagula mchere ndi singano. Koma chimene chinandidzutsa chinali china. Ndinkapita kukaona mkazi mnzanga.

Ndiyambe ndafotokoza, kuti amayi anzanga amene mwakhala mukundifunsa mumve bwino. Malemu amuna anga, bambo a Estere, sanakwatirepo mitala. Koma chaka china atapita ku Lilongwe kukagulitsa utaka wouma, analowa m'nyumba ya kanema, ndipo anabwerako ndi nkhani imene sinathe mpaka imfa. Inali filimu ya mzungu wophika buledi, amene akavala jombo zobiriwira amalumpha nyumba zosanjikizana ndi kunyamula galimoto ndi dzanja limodzi. Anthu kuno anangomutcha Chijombo. Chingerezi bambo a Estere sankamva, koma akamasoka ukonde ankaifotokoza filimuyo mawu ndi mawu. Nkhani ikafika pa mkazi amene Chijombo ankamufuna, ankaika ukonde pansi.

"Mkazi ameneyo, a Naphiri, ndi wina," ankatero. "Amayenda ngati wasiya ndiwo pamoto. Akakwiya sayankhula, amangosesa pomwe wasesa kale. Ndiye akafuna kuseka, amayamba wagwira khutu lakumanzere. Chijombo amanyamula sitima, koma pamaso pa mkazi ameneyo ndi kamwanapiye."

Zaka zinayi ndinamumva mkazi ameneyo m'nyumba mwanga. Ndinkangoti, "Pitani akakuphikireni iyeyo." Iwo n'kumaseka. Atadwala m'dzinja lapitali, ali pamphasa, mawu akuvuta kutuluka, anati, "Akuti kukubwera gawo lachiwiri. Ndikapanda kufikako, mupite mukamuone." Amuna anga ndinawalira monga mkazi aliyense, koma mawu amenewo anandiima pakhosi ngati munga wa chambo. Munthu uli pafupi kutisiya, n'kumakumbuka mkazi wa pakanema? Tsono abale awo atandisudzula, ndipo nditamva kuti gawo lachiwirilo akulionetsa pa vidiyo pa Salima, ndinati ndikamuone ndi maso angawa amene anandiposa.

Ndinatsagana ndi Abiti Saidi, mnzanga wogulitsa usipa, amene anali ataonera kale gawo lachiwirilo kawiri. Kuchokera kugombe kufika pomwe pamaima lole pali kamtunda, ndipo njira yonse ankandikuwira m'mbuyo.

"A Naphiri, dikirani! Lole sithawa. Mukufuna mundiphe ndi mtangawu?"

Inali lole yonyamula nsomba. Munthu ankalipira 80 tambala, mtanga 20 tambala, ndipo mtanga ndi umene unkakhala bwino. Ife tinapanikizana pamwamba pa matumba a utaka. Fumbi la msewu umenewo silisankha; tisanapite patali duku langa lakuda linali litasanduka lofiirira, moti palibe akanadziwa kuti ndine namfedwa.

Dzuwa litakwera ndithu tinaima pa Chinguluwe. Apo panakwera aphunzitsi ena ovala tayi, ndi madala ena a matumba awiri a mpunga. Amayi ena ankagulitsa chinangwa chootcha pamsewu, ndipo Abiti anagula ziwiri n'kundinyemera. Atangomva aphunzitsi aja kuti tikupita ku vidiyo, anapukusa mutu ngati aona kope lodetsedwa.

"Mukukataya nthawi, amayi. Gawo loyamba linali ndi phunziro. Munthu wamphamvu, wodzichepetsa, wothandiza osauka. Lachiwirili ndi nthabwala zokhazokha. Munthu wonyamula sitima n'kumathawa tsekwe?"

"Aphunzitsi," anatero Abiti akutafuna chinangwa, "phunziro timalipeza kusukulu kwanu, ndi chikwapu chomwe. Kuvidiyo timapitira kuseka. Ine pa tsekwe paja ndinagwa pabenchi, wallahi."

"Alionongeratu."

"Mwaonera kangati?"

"Katatu," anayankha aphunzitsi, akukonza tayi. "Kuti nditsimikize."

Madala a mpunga aja sanaonerepo gawo lililonse, koma maganizo anali nawo ochuluka kuposa tonse.

"Ine chondidabwitsa ndi ufiti wa azungu. Ulibe manyazi. Kuuluka masanasana, atavala, wopanda ndi lichero lomwe."

"Sauluka, madala, amalumpha," anatero aphunzitsi.

"Kulumpha nyumba khumi? Mwana wanga, kumeneko kwathu timati kuuluka, ndipo timamutengera kubwalo."

Kondakitala, bambo wamtali amene ankalendewera kumbuyo kwa lole, anali ndi dandaulo lake. Iye gawo lachiwiri ankalikonda, koma ankati alidula kwambiri. "Chijombo ndi mkazi uja akangoyandikizana nkhope chonchi, balamanthu! Mwawaona ali kale pasiteshoni akutsanzikana. Amene amayamba aonera tisanaone ife aja, zabwino amasunga okha." Atangotchula a boma odula mafilimuwo, aliyense anayamba kuyang'ana mitengo ya m'mbali mwa msewu ngati sanaionepo. Pa lole sudziwa amene wakhala naye.

Ndinaona kuti mpata ndi womwewo, ndipo ndinafunsa. "Nanga mkazi uja, m'gawo lachiwirili amasesabe akakwiya?"

"Kusesa?" anadabwa aphunzitsi. "Gawo loyamba ndinaonera kasanu ndili ku koleji. Mkazi ameneyo sanagwirepo tsache. Amagulitsa matikiti a sitima."

"Mwina anasintha mkazi."

"Ndi yemweyo, amayi, m'magawo onse awiri."

"Sayenda mofulumira? Sagwira khutu akafuna kuseka?"

"Ayenda bwanji mofulumira ndi nsapato za gogoda? Ndipo makutu ake saoneka n'komwe, tsitsi linaphimba. Wakuuzani zimenezo ndani?"

Chinangwa chija chinandiuma m'kamwa. Ngati mkazi wosesa uja si wa mufilimu, ndiye ndi wa kuti? Ku Lilongwe kuja bambo a Estere anagonako masiku atatu. Ndinayamba kuona mkazi weniweni, wa tsache lake, kwinakwake ku tauni, amene amuna anga anamubisa kumbuyo kwa kanema zaka zinayi, ine n'kumamvetsera ngati chitsiru. Kuchokera pamenepo mpaka pa boma sindinaone kanthu m'njira, ndiye musandifunse.

Tinafika pa Salima cha m'ma 11. Pachipata cha msika anyamata a malaya ofiira anafuna khadi la chipani, ndipo ndinamasula pansonga ya chitenje n'kuwaonetsa. Abiti anasiya mtanga wake kwa mlamu wake amene ali ndi benchi mumsikamo, n'kundikokera m'kanyumba ka tiyi. Tiyi wamkaka ndi mandasi awiri zinali 15 tambala. Mandasi anga anadya Abiti.

"Mwatani kodi? Nkhope ngati mwameza chule."

Ndinamuuza zonse, za kusesa, za kuyenda, za khutu, ndi za masiku atatu aja. Iye anangoti, "Tiyeni tikaonere kaye. Zokwiyira malemu sizichedwa, sathawa."

Vidiyo ili kuseri kwa telala wina, kufupi ndi msewu wa kusiteshoni. Polowa ndi 30 tambala. Ndi chipinda chimodzi cha mabenchi, mawindo anatseka ndi masaka, ndipo kutentha kwake mungaumitsemo usipa. Kanema amene amuna anga ankati anthu ake ndi aatali ngati mgwalangwa, pano anali kabokosi kapatebulo. Amayi tinalimo anayi okha. Aphunzitsi a tayi aja, amene anati n'kutaya nthawi, tinawapeza atakhala kale kutsogolo.

Anayamba 1 koloko. Nkhani yake ndi iyi: Chijombo wapereka jombo zake kwa wosoka nsapato, ndipo pokatenga am'patsa imodzi yake, ina ya munthu wina. Ndiye akati alumphe, mwendo umodzi ukupita kumwamba, wina ukukana, iye n'kumazungulira ngati nkhuku yodulidwa mutu. Mbala zikuthawa ndi ndalama, iye ali pa denga la eni ake akupepesa. Anthu anaseka mpaka mabenchi kulira. Bambo wina kumbuyo ankamasulira Chingerezi mokweza, aphunzitsi n'kumatembenuka kuti, "Sanatero!"

Kenaka anatulukira mkazi uja.

Amayi anzanga, ndinene zoona: ngwokongola, koma ngwowonda zomvetsa chisoni, woti mtondo wa chimanga sangauthe. Ankayenda pang'onopang'ono ngati akuponda mazira. Atakwiya anayankhula, ndipo anayankhula kwambiri. Poseka anangoyasamula kukamwa, manja ali m'chiuno. Aphunzitsi sananame. Sanali iyeyo.

Mtima unandiwawa kuposa tsiku la maliro. Pabenchi pambali panga panali makoko a mtedza amene wina anasiya, ndipo ndinayamba kuwasasa ndi dzanja.

"Mwasasa kale pamenepo," ananong'ona Abiti. "Aka n'kachitatu."

Sindinamumvere. Pakabokosi paja Chijombo anali atalumphanso mokhota, n'kugwera m'khola la atsekwe. Tsekwe wina wamkulu anamuyang'ana, iye n'kuvula chipewa kumupatsa moni mwaulemu. Tsekwe sanalandire moniwo. Anam'thamangitsa kuzungulira khola, munthu wonyamula sitima akukuwa ngati mwana woona jekeseni, jombo imodzi ikumukweza, tsekwe atakakamira kumbuyo kwa thalauza. Ndinayesa kulimba. Ndinali wokwiya, ndinali namfedwa, ndipo chiyambire dzinja ndinali ndisanaseke. Koma kuseka kunayamba kukwera kokha kuchokera m'mimba.

Pomwepo Abiti anandigwira pamkono.

"A Naphiri. Dzanja lanuli lili pati?"

Linali pakhutu. Lakumanzere.

"M'mawa munatsala pang'ono kundipha ndi liwiro," anatero Abiti. "Pano mwasasa benchi mpaka yawala. Tsopano khutu. Mkazi wa ku Lilongwe uja ndakhala naye pa lole kuchokera kugombe, ndipo mandasi ake ndadya ine."

Zimene zinachitika mufilimu kuchokera pamenepo sindingakuuzeni. Akuti jombo inapezeka, mbala zinagwidwa, ndipo pamapeto panadulidwa pomwe kondakitala ankadandaula paja. Ine ndinali nditaphimba nkhope ndi duku, kuseka ndi kulira zitasakanikirana, ndipo poti chipinda chonse chinkapukuta misozi ya tsekwe, palibe anandidabwa.

Potuluka, dzuwa likuthobwa m'maso, aphunzitsi anatipeza pakhomo. Maso awo anali ofiira ndi kuseka, koma nkhope anali ataikonza kale.

"Mwaona, amayi? Zachibwana. Nanga inu mukuti labwino ndi liti?"

"Loyamba," ndinatero.

"Mwamva, Abiti? Awa ndiye odziwa. Munaonera kuti, amayi?"

"Kunyumba kwanga. Zaka zinayi. Koma limene ndinaonera ine, aphunzitsi, inu simunalione."

Anafuna kufunsanso, koma Abiti anandikoka, akuti lole itisiya. Singano ndinagula pothamanga. Pobwerera lole inali yopanda nsomba, ndiye inkadumpha ngati Chijombo wa jombo imodzi, ndipo kondakitala ndi Abiti anakangana za tsekwe mpaka pa Chinguluwe, wina akuti anachita kumuphunzitsa, wina akuti tsekwe aliyense ndi wotero kuyambira kubadwa.

Ndinafika pakhomo mbuzi zisanalowe m'khola. Estere anasuzumira m'chitenje n'kufunsa, "Mchere uli kuti, amayi?"

"Ndaiwala. Iwe, tandiuza. Kodi ine ndikafuna kuseka ndimagwira khutu?"

"Aa, amayi! Mudzi wonse umadziwa. Ababa ankatitsina kuti tione."

Tsono amayi anzanga, mukamva kuti gawo lachiwiri akulionetsanso, pitani. Phunziro mulibe, aphunzitsi ananena zoona, koma tsekwe yekhayo ndi wokwana 30 tambala. Mukhale kutali ndi khoma, kuli nsikidzi. Ine chimene ndinakatenga pa Salima ndi ichi: munthu sadziona kuyenda kwake, amakuonera ndi amene amakhala nawe, ndipo ena pokuuza amazungulira mpaka ku Lilongwe. Zaka zinayi ndinkawakalipira bambo a Estere kuti apite akawaphikire mkazi ameneyo. Tsopano ndadziwa chimene ankasekera. Sankapita kulikonse. Ankangosamba m'manja n'kukhala pansi, kudikira.