Agogo Anagona Chopingasa

Ndinanyamuka pa Wenela m'mamawa ndi ntchito imene amayi anandituma: kukapeza manda a bambo awo ku Mwanza. Simenti inali itagulidwa kale, mmisiri atalonjeza kumanga chiliza Loweruka, koma manda enieniwo palibe ankawadziwa. Pa nthawi ya maliro amayi anali kamtsikana. Mantha awo anali amodzi, kumangira chiliza munthu wa eni.

Kondakitala anandilanda teni sauzande n'kulumbira kuti tikunyamuka pompano. Pompano wakeyo anatipeza titatopa nako kuyasamula. Titawoloka Shire pa Zalewa, msewu unayamba kukwera mapiri, ndipo ndinatsika pa boma dzuwa lili paliwombo. Ndinagula manachesi, ndikuyenda ndikusenda.

Nditasiya mathiraki opita ku malire, ndinalowa kanjira ka fumbi kopita ku nyumba zakale za amalonda. Phokoso lonse linatsalira kumbuyo. Nyumba zake n'za njerwa zowotcha, makonde aatali, malata ofiira ndi dzimbiri, zitseko zolemera zoti munthu mmodzi sanganyamule. Pa khoma lina pankaonekabe mawu ofufutika akuti "Sopo, Mchere, Palafini". Ine wokulira mu lendi ku Ndirande ndinangoti kukamwa yasa. Sindinkadziwa kuti kwathu kuli nyumba zoposa amayi msinkhu koma zili chiimire.

Pa khonde lina ndinapeza Che Twaibu, telala wokalamba, akupalasa makina. Nditatchula dzina la agogo, mapazi awo anaima.

"Fulansisko? Wa ku Zobue uja, kutsidya kwa malire? Iwe ndiwe mdzukulu wake?" Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mphuno ndi yomweyo, pepa. Ankakhala kuseri kwa nyumba ino. Ine Msilamu, iye wa tchalitchi, koma bokosi lake ndinanyamula nawo."

Anavala kofia, tinadzera kwa amfumu kukapempha chilolezo, kenaka tinatsetsereka kulowera ku manda.

Kunja kunali kotentha, koma titangolowa ndinamva kuzizira m'mikono. Mapiri onse ozungulira anametedwa ndi owotcha makala, koma muno mitengo yake ndi yoti anthu awiri sangaikumbatire, poti nkhwangwa simulowa. Mawu anga anatsika okha. Pa mitumbira ina panali makapu ndi mbale zobowoledwa, zina zitamera ndere. Ndinachita mantha, koma mantha okoma, ofuna kuvula chipewa chimene sindinavale.

Kenaka mtima unandigwa. Mitumbira yopanda dzina inali yosawerengeka, yonse yofanana, yondondozana ngati mizere ya m'munda.

"Apa ndiye tipeza bwanji, agogo?"

Che Twaibu anapita kumapeto n'kukankha masamba ndi ndodo yawo. Panali mtumbira umodzi wogona mopingasa, wosemphana ndi anzake onse.

"Ndi uyu. Anathawa nkhondo kwawo, ndipo tsiku lililonse ankati ikatha abwerera. Sinathe iye ali moyo. Akudwala anatipempha kuti tikamugoneke choyang'ana kwawo. Adzukulu okumba anakana, amvekere manda sapingasa. Tinakangana mpaka dzuwa kupendeka, koma tinamuchitira."

Ndinagwada pambali pake n'kuyang'ana kumene mtumbirawo unkaloza. Pakati pa mitengo pankaoneka mapiri a ku Zobue, pafupi poti munthu n'kupita wapansi n'kubwerako tsiku lomwelo. Misozi inangotsika. Ndinaimbira amayi, ndipo atamva anati, "Zikomo mwanawe," foni n'kudula.

Loweruka mmisiri anabwera ndi chingwe chake. Anayang'ana mizere ija, n'kuyang'ana mtumbira wathu, n'kukanda m'mutu.

"Bwana, apa panalakwika. Tiwongole kuti chiliza chifanane ndi enawa?"

Amayi, amene anali atafika m'mawa womwewo, anandilanda mawu m'kamwa.

"Ayi bambo, mangani momwemo. Bambo anga akadali pa ulendo, musawatembenuze."