Mkamwini Wopulumutsa Nyimbo za Makolo

Ku Phalula kuli mkamwini wina amene khasu limangomumvera mbiri. Anzake akamalawirira kumunda, iye amakhala pakhonde, laputopu pamiyendo, ati akupulumutsa chikhalidwe. Ntchito yake ndi kujambula nyimbo zamakolo n'kuzithira ng'oma za amapiano. "Mtundu wopanda nyimbo ndi mtembo," amatero, uku akudikira phala.

Tsiku lina anamva apongozi ake aakazi akuyimba pamtondo. Poti mkamwini sayandikira apongozi, anawajambula atabisala kuseri kwa nkhokwe. Nyimboyo inkadandaula za mwamuna amene mbale amayeretsa koma munda wake uli thengo. Ataisakaniza ndi ng'oma zake, inagwira msika wonse, mpaka akabaza ankaiyimba popalasa njinga.

"Iyi ndi yakalekale," ankauza aliyense. "Makolo anabwera nayo kuchokera ku Mozambiki."

Mkazi wake Nelia anamusiya avine sabata yathunthu, kenako anamukhazika pansi.

"Bambo a Kumbu, nyimbo ija si ya ku Mozambiki iyayi. Amayi anaipeka chaka chatha, tikupalira tokha munda uja munati mutipeza konko."

Mpaka lero, pa nyimbo zake zonse, anthu amapempha yokhayo.