Mmene Apongozi Anga Anasandukira Mneneri ku Easterhouse

Apongozi anga anafika ku Glasgow m'nyengo yozizira, mwana wathu woyamba atangobadwa. Anabwera kudzatithandiza kulera, koma khandalo linali latulo, moti ntchito yawo inkatha msanga. Tinkakhala ku Dennistoun, m'nyumba yosanja, ife pamwamba penipeni. Tsiku lina anayesa kutsika kuti akaone msewu. Atangotulutsa mutu pakhomo mphepo inawalanda duku, ndipo anakweranso masitepe onse aja akudandaula. Kuyambira pamenepo ankangotuluka popita kokapemphera basi. Masiku enawo ankakhala pafupi ndi hita, atavala majuzi awiri ndi jekete la mwana wawo, n'kumayang'ana khoma.

Amene anawapulumutsa ku khomalo ndi mnzanga wina wa ku Philippines, yemwe tinkagwira naye ntchito yosamalira okalamba. Anabwera kudzaona khanda, ndipo ataona mmene apongozi analili, anandiuza kuti ndiziwaikira mafilimu a kwawo. Anatenga rimoti n'kutisankhira imodzi asanapite.

"Koma mukonzeretu kansalu kopukutira misozi," anatero.

Nditawamasulira, apongozi anaseka. "Ine kulirira za pa kanema? Maliro enieni ndalira angati ine?"

Anthu a mufilimumo ankayankhula chinenero chawo, pansi n'kumalembedwa Chingerezi. Chingerezi apongozi amachimva, koma mawuwo ankathamanga, ndipo magalasi awo anali ataiwala ku Lilongwe. Choncho ine ndinakhala womasulira, mwana ali kubere, maso ali pa kanema.

Nkhani yake inali ya mnyamata wa ku seminale amene anatsala pang'ono kudzozedwa unsembe. Anamutumiza kukathandiza pa parishi ina ya kumudzi, ndipo kumeneko anakumana ndi mtsikana wophunzitsa ana. Anayamba ndi kukangana. Kenako kunagwa mvula, ambulera inali imodzi, basi zinthu zinasokonekera. Mnyamata uja ankagwada m'tchalitchi n'kumalira, mtsikana naye ankakhala pawindo n'kumalira.

"Akulirira chiyani tsopano?" anafunsa apongozi.

"Akuti amamukonda mtsikanayo, koma Mulungu anamuitana."

"Eya. Nanga vuto lili pati?"

"Ansembe sakwatira, amayi."

"Ndikudziwa zimenezo, amake mwana, ndinakulira pafupi ndi mishoni ine. Ndikufunsa kuti vuto lili pati? Angobwera kumpingo kwathu. Abusa athu ali ndi mayi kunyumba, ana mbwee, ndipo akalalikira denga limachita kunjenjemera."

Ndinayesa kufotokoza kuti mnyamata akangosintha mpingo ndiye kuti filimu yathera pomwepo. Iwo anati ndi bwino ithe kusiyana n'kuzunza mwana wa eni. Anasendeza mpando pafupi ndi kanema n'kuyamba kumulangiza mnyamatayo maso ndi maso. "Iwe! Ulibe malume? Nkhani ngati iyi amaulula kwa amalume, osati kwa kandulo!"

Filimu inatha mnyamata atadzozedwa, atavala mkanjo woyera, mtsikana ali pa benchi yakumbuyo akumwetulira misozi ili chuchuchu. Nditacheuka ndinapeza apongozi akupukuta m'maso ndi thewera la mwana, mwamwayi lochapa. Anati ndi hita, imawawitsa maso. Chakudya chamadzulo anakana. Amuna anga atabwera kuntchito anafunsa ngati kumudzi kwagwa zovuta.

"Mtsikana wabwinobwino, wa ntchito yake," anayankha mayi awo, "amusiya pa benchi."

M'mawa mwake anandidzutsa okha kuti ndiike ina. Iyi inali ya mtsikana wophunzira usisitere, ndi mnyamata woimba gitala amene ankamudikirira pageti la masisitere tsiku ndi tsiku. Ulendo uno mtsikana anavula chovala chakumutu chija, n'kuthamangira mnyamata, mvula ikugwanso. Ine ndinati lero apongozi adya. Ayi ndithu, anakwiya kuposa dzulo.

"Wasiya Mulungu chifukwa cha kameneka? Kamagwira ntchito yanji? Adzadya gitala?"

"Koma amayi, dzulo mumafuna kuti akwatirane."

"Wadzulo uja anali waulemu. Uyu taonani tsitsi."

Zinafika poipa pa filimu yachitatu, chifukwa wosewera wake anali mnyamata yemwe uja wa filimu yoyamba. Kuno anali mwamuna wapabanja, wa galimoto, ali ndi ana awiri. Apongozi anaimirira.

"Si abambo aja awa? Athawa unsembe? Ndiye atathawa akakwatira wina, osati mphunzitsi uja?"

Ndinawakumbutsa kuti ndi sewero chabe. Anati akudziwa, si mwana iwo, koma ngakhale sewero lizikhala ndi chilungamo.

Loweruka lina masana tinakwera basi kupita ku Easterhouse, kumene Amalawi a mipingo yosiyanasiyana tinkakumana kunyumba kwa banja lina kuti tipemphere m'Chichewa. Pabalaza pankadzaza, ena pamipando, ena pakapeti, majekete ataunjikana pakhonde. Nyimbo ankatsogolera mnyamata wina wamanyazi, wogwira ntchito zamakompyuta, amene akamaimba ankatseka maso ndipo akamayankhula ankayang'ana nsapato zake. Itafika nthawi yopereka zofuna kupempherera, wina anatchula mapepala okhalira m'dziko muno, wina mayeso a mwana. Kenako apongozi anakweza dzanja.

"Ine ndili ndi mnyamata amene wandilemera pamtima," anayamba. "Dzina sinditchula."

Sakanalitchula n'komwe, linkawakanika.

"Mnyamata ameneyu Mulungu anamuitana. Koma pali mtsikana. Akagwada, akuona mtsikana. Akaona mtsikana, akufuna kugwada. Kudya sakudya. Akungolira payekha, osauza akuluakulu. Ndiye ine ndikuti timupempherere, chifukwa akapusa amusiya mwana wa eni pa benchi yakumbuyo."

Ine ndinaweramira khanda kuti anthu asaone nkhope yanga. Amuna anga anayamba kutsokomola. Kenako tinamva kulira kwa munthu wamkulu, kuja kotuluka ngati chitseko chosowa mafuta. Anali mnyamata wa nyimbo uja. Anagwa pamaondo, buku la nyimbo lili uko.

"Amayi, mwadziwa bwanji? Sindinauzepo munthu!"

Mayi wina wa mpingo wa Chipentekoste anadumpha pampando manja ali m'mwamba. "Vumbulutso! Yehova wayankhula kudzera mwa mayi wathu!"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti abale, ndi filimu. Ndinangofika pa "fi", apongozi n'kundiponda chala mwamphamvu. Poyamba iwonso anali atatong'ola maso, koma anachira msanga. Anakonza duku, napinda manja pachifuwa.

"Yankhula, mwana wanga," anatero ndi mawu amene sindinawamvepo.

Mnyamata anakhuthula zonse. Kwa nthawi yaitali ankamva kuti akuyenera kusiya makompyuta, abwerere kumudzi akaphunzire zaubusa. Koma mtima wake unali pa mtsikana wina, nesi, amene ankabweranso kumapempheroko. Ankaona kuti sangauze munthu wa ntchito yabwino ku Ulaya kuno kuti tiye tikakhale pa mpingo wa kumudzi kopanda magetsi. Ndiye anaganiza zongosankha chimodzi, ndipo kusankhako n'kumene kunkamuwondetsa.

Nesiyo sanachite kumutchula. Tonse tinatembenukira kukhomo la kukhitchini, kumene mtsikana wina anaima atanyamula thireyi ya mandasi.

"Ndiwe wa mpingo uti?" apongozi anafunsa mnyamata.

Anatchula mpingo wa apongozi womwewo. Apongozi anaomba m'manja kamodzi, nkhope ikuwala ngati munthu amene wadikira sabata yonse kuti wina amumvere.

"Ndiye vuto lili pati? Abusa athu sakwatira? Mtsikanayo unamufunsa?"

"Ayi, amayi."

"Ali ndi pakamwa?"

Mtsikana uja anaika thireyi patebulo. "Pakamwa ndili napo, amayi. Kungoti munthuyu akandiona amandifunsa za nyengo. Chaka chonse, nyengo. Ndipo kuno nyengo yake ndi imodzi, mvula."

Anthu anaseka mpaka ena kugwetsa tiyi. Mnyamata anali chigwadire, ndipo poti anali kale pansi, mwininyumba anamuuza kuti angotembenuka n'kufunsa zimene akufuna kufunsa. Anatembenukadi ndi maondo omwewo. Mtsikana anati za kumudzi kopanda magetsi akambirana bwino, iye si wothamangira mvula ikugwa, koma mnyamatayo atumize kaye amalume ake kwa makolo. Apongozi atamva mawu oti amalume anafuula ameni wamkulu.

M'basi pobwerera, amuna anga anayesa kuwadzudzula.

"Amayi, anthu aja akuganiza kuti ndinu mneneri."

"Ndinanena ine kuti ndine mneneri? Ndinati pali mnyamata. Panalibe mnyamata?"

"Koma mumanena wa mufilimu."

"Mulungu anayankhulapo kudzera mwa bulu. Angalephere kanema?"

Kuyambira tsiku limenelo foni yanga sinapume. Amayi ankaimba kufunsa ngati agogo a mwana ali ndi mpata. Ena ankabwera okha, kukwera masitepe athu onse aja akupuma wefuwefu, atanyamula nkhuku yowotcha kapena nsalu. Apongozi ankawalandira pampando wawo wa pahita, kanema atazimitsa. Zonenera ankakana, ankati mzimu suchita kuitanitsa ngati takisi. Ankangomvetsera nkhani, kenako n'kupereka malangizo, ndipo ine ndekha ndi amene ndinkadziwa kumene malangizowo achokera. Mayi wina anadandaula kuti mwana wake wamkazi wakondana ndi mnyamata woimba m'bandi. Ndinathawira kubafa ndisanamve yankho.

Mnzanga wa ku Philippines uja atabweranso ndinamufotokozera zonse. Anaseka mpaka kukhala pansi pakhitchini. Kenako anapita kwa apongozi, natenga dzanja lawo n'kuligunditsa pamphumi pake, mmene amalemekezera akuluakulu kwawo. Apongozi anaganiza kuti akufuna pemphero la mutu, ndipo anamugwira mutuwo n'kuupempherera kwa nthawi ndithu. Atamaliza anandiuza kuti ndimufunse ngati kwawoko kulibe amene angakonze filimu ina yoti mphunzitsi uja apeze banja. Mnzangayo analonjeza kuti afufuza.

Chinkhoswe cha awiri aja chinachitika m'holo ina ku Pollokshields, kutatsala masiku ochepa kuti apongozi abwerere kumudzi. Anawakhazika kutsogolo, pakati pa ankhoswe, ngakhale sanali pachibale ndi mbali iliyonse. Mnyamata poyankhula anathokoza Mulungu, makolo, kenako "mayi amene anaona zobisika za mumtima mwanga." Anthu analulutira. Apongozi anagwedeza mutu pang'onopang'ono, modzichepetsa, maso ali pansi.

Pano awiriwo ali ku Malawi. Mwamuna ali pasukulu yaubusa, mkazi akugwira ntchito pachipatala china chapafupi, ndipo ndikumva kuti magetsi aliko, amangozima ngati kwina kulikonse. Mwana wawo woyamba ndi wamkazi. Anapempha apongozi anga kuti amutche dzina, ndipo iwo anakwera minibasi tsiku lonse kukamuona, atavala jekete la ku Glasgow m'mwezi wa Okutobala, kuti anthu a kumeneko adziwe kuti kwabwera munthu woyenda.