Tsiku Limene Ndinathamanga ndi Beseni

Anandibweza kusukulu chifukwa cha njinga yamoto ya aphunzitsi a sayansi. Ndinabisa utaka wauwisi pansi pa mpando wake, pafupi ndi pomwe pamatentha, ndipo anthu anavutika kupeza kochokera fungo mpaka ntchentche zinawalozera. Ahedi anati ndikakhale kaye kunyumba, ndikaganize bwino. Ndinali Fomu 3. Kuganiza bwinoko ndinakumaliza tsiku loyamba lomwelo, ndipo masiku otsalawo ndinasowa poika miyendo.

Kwathu ndi kugombe, chakumpoto kwa boma la Mangochi, mudzi umene chilichonse chimayendera nsomba. Amayi amagula usipa ndi utaka padoko, n'kuyanika pa thandala, zikauma n'kukagulitsa ku Limbe. Nthawi imeneyo mwera unali utawomba kwa masiku ambiri. Maboti anali pamtunda, mathandala ali mbee, anthu akungoyendayenda n'kumakangana pa zinthu zosakanganitsa. Ine ndinkasesa pabwalo posesa kale, kupita kumjigo popanda chidebe, kubwerako, kupitanso. Amayi ankandiyang'ana ngati mbuzi imene inadulapo kale chingwe.

Ndiye kunabwera uthenga woti a ku boma akubwera kudzakambirana za sukulu ya kwacha, ya akuluakulu amene sanaphunzire kuwerenga. Mphunzitsi analipo mmodzi yekha mbali yathu yonse ya nyanja. Anayenera kuikidwa kwathu kapena kumudzi wa kutsidya kwa mtsinje, kutengera kumene anthu aonetse chidwi.

Amayi nkhaniyi anaigwira ndi manja awiri. Iwo ku madrasa anapitako ali mwana, koma sukulu ina ija sanaiponde. Akamapita ku Limbe amafunsa anthu zimene zalembedwa pabasi, ndipo tsiku lina woitanira wina anawakweza basi yolowera kwina, nsomba zawo zili pamwamba. Nkhani imeneyi sankakonda kuikamba. Ankangoti akufuna aziwerenga okha. Anayenda khomo ndi khomo kukopa azimayi anzawo, uyu m'Chiyao, uyu m'Chichewa, mpaka ena anavomera kuti angosiyidwa.

Tsiku la msonkhanolo mwera unaleka m'mawa, ndipo maboti onse analowa m'nyanja. Apampando a komiti ya padoko anaimbira alendowo kuti asinthe tsiku, koma anali atanyamuka kale. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa mzikiti, pamalo poti nyanja siioneka. Amuna analipo okalamba okhaokha. Azimayi anabwera ambiri ndithu, koma aliyense ndi beseni lake. Ena analikhalira, ena analikumbatira.

Kwathu boti likamafika, woyamba kuponyamo beseni ndiye woyamba kuyezeredwa nsomba. Wochedwa amapeza zotsala, kapena sapeza kanthu. Palibe amene amaitana mnzake. Ukangoona munthu akuthamangira kudoko ndi beseni, nawe umathamanga, zofunsa ukafunsira konko. Alendo athu zimenezi sankazidziwa. Anali awiri, bambo wa tayi ndi mayi wachitsikana amene nsapato zake zinkangodzaza mchenga. Bambo uja ataona mabeseni anayamikira kuti anthu abwera ndi mipando yawo.

Amayi anandikhazika pambali pawo, n'kukhalira nsonga ya chitenje changa. Umo ndi mmene ankandikhulupirira.

Alendo anamata chipepala chachikulu pamtengo, n'kufunsa nthawi imene anthu angamaphunzire. M'mawa ayi, ndi nthawi ya padoko. Masana ayi, nsomba zimafuna kutembenuza, ndipo ukangochoka pa thandala akhwangwala ndi mbuzi amachita phwando. Lachisanu ayi. Madzulo chipinda chophunziriramo chimakhala ndi ana a madrasa. Mayi wa nsapato uja ankalemba, kufufuta, kulembanso. Agogo ena osoka maukonde anati njira yake ndi yapafupi, sukuluyo izichitika tsiku lililonse la mwera, popeza tsiku limenelo mudzi wonse umakhala ulibe ntchito. Bambo wa tayi anayankha kuti mphunzitsi amafuna masiku odziwika, monga Lolemba ndi Lachitatu.

"Ndiye mukauuze mwerawo uzibwera Lolemba, bwana," anatero agogo aja.

Anthu anaseka, koma kuseka kwa theka, makutu ali kunyanja. Dzuwa linakwera. Funso lija linazungulira n'kubwerera pomwe linayambira. Mwendo wanga unachita dzanzi. Ndinawerenga nyerere, ndinaluka udzu, ndinayesa kukoka chitenje pang'onopang'ono, koma amayi ndi munthu wa thupi. Ndinkaona mmene makosi a azimayi ankapotokera kumbali ya doko mwana akangodutsa mothamanga, ndipo m'mutu mwanga munalowa funso limodzi lokha: kodi anthu onsewa angadzuke ndi beseni limodzi? Funso likalowa mwa ine silituluka lokha.

Kenako amayi anakweza dzanja. Sindinawaonepo akulankhula pamsonkhano. Anaimirira, n'kukonza mpango kumutu.

"Ife nthawi tiipeza. Inu ingotibweretserani mphunzitsiyo."

Chitenje changa chinali chamasuka. Ndinatola beseni lawo, ndinasuzumira pakona ya mzikiti ngati ndaona kanthu, n'kuliyatsa liwiro. Sindinatulutse mawu ngakhale amodzi, ndipo pamenepa ndimafuna anthu azipakumbukira akamandinena.

Kumbuyo kwanga ndinamva mabeseni akugundana. Nditacheuka ndinaona mudzi wonse ukubwera: azimayi a ana kumbuyo, azakhali anga amene amati mawondo awo anatha, mkazi wa apampando atagwira patapata m'manja. Fumbi linali koboo. Ndisanafike pamchenga munthu wina anandilanda beseni n'kundipitirira. Anali amayi.

Padoko panalibe boti. Maboti ankaoneka kutali, timadontho tokhatokha, osayang'ana n'komwe kumtunda. Khamu lonse linaima m'mphepete mwa madzi likupuma mwawefuwefu, aliyense akufunsa mnzake kuti waona chiyani. Ine ndinakhala pansi, mimba ikupweteka ndi kuseka. Azakhali ndi amene anayamba kuzindikira. Ananditchula mwana wa shetani, koma nawonso phwete linawapulumuka. Amayi sanaseke. Anatembenuka n'kubwerera kumtengo kuja, akuyenda mofulumira kuposa mmene anathamangira.

Tinapeza bambo wa tayi akukulunga chipepala chake. Pansi pa mtengo panatsala apampando, agogo a maukonde ndi ana ongoonerera galimoto. Apampando ankayesa kufotokoza za beseni, mayi wa nsapato uja akumvetsera ndithu, koma mnzakeyo anati aona zimene anabwerera kudzaona, ndipo kutsidya akuwadikira. Amayi anaima pafupi ndi chitseko cha galimoto, beseni lili m'manja. Galimoto inanyamuka.

Amalume anabwera ndi kamtengo madzulo ake. Ndinawafunsa mwaulemu kuti ndinaitana ndani, ndipo ngati kuthamanga ndi beseni ndi mlandu, ayambe kukwapula achemwali awo amene anafika oyamba. Anaimika kamtengo m'mwamba, anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Sanandimenye.

Bwenzi atandimenya. Amayi anangosiya kundilankhula. Maboti aja anabweradi ndi usipa wambiri, tinayanika limodzi, koma akafuna kanthu ankauza mng'ono wanga kuti andiuze. Kenako uthenga unafika woti mphunzitsi waikidwa kutsidya, Lolemba ndi Lachitatu masana, ndipo a kwathu ofuna akhoza kumapita. Kutsidya ndi kamtunda ndithu, ndipo masana ndi nthawi imene munthu wa nsomba sachoka pa thandala. Amayi anali atagula kale kope ndi pensulo. Anaziika pamwamba pa kabati.

Masiku amenewo nyumba inandichepera. Ndinayesa kuwaseketsa. Ndinaveka tambala wathu mpango, ndinayenda ngati bambo wa tayi pamchenga, ndinatsanzira azakhali akuthamanga. Mng'ono wanga ankagubuduka ndi kuseka, amayi akungosankha nsomba. Kupepesa sindinapepese, chifukwa mpaka pano sindikuona cholakwa changa. Msonkhano umene ungathe chifukwa cha mtsikana mmodzi ndi beseni unali utatha kale, ine ndinangoudziwitsa. Koma kope lija pamwamba pa kabati linkandisowetsa mtendere kuposa ndodo ya ahedi.

Lamlungu loti mawa lake ndibwerera kusukulu, amayi anandiitana okha, osadzera mwa mng'ono wanga. Anandifunsa kuti timaweruka nthawi yanji. Nditawauza, anawerengera pang'ono m'mutu.

"Miyendo uli nayo, tonse taiona. Ukaweruka uzithamanga mpaka pa thandala. Ukachedwa, ine ndachedwa."

Ndinati nanga netibo, nanga anzanga. Anati akhwangwala ndi anzanga okwanira.

Ndi mmene zakhalira. Lolemba ndi Lachitatu belu likangolira ndimatuluka ngati ndaba kanthu, yunifolomu ili m'thupi, mpaka kugombe. Amayi ndimawapeza ataima kale ndi jumbo ya kope kukhwapa, akuyang'ana njira imene ndikuchokera. Poyamba ankapita okha. Kenako azakhali anati popeza ndili pomwepo ndiziyang'anako ndi thandala lawo. Mkazi wa apampando naye anatero, ndi ena awiri oyandikana nafe. Tsopano amanyamuka gulu, akukangana za amene sanalembe ntchito ya kunyumba, ine n'kutsala ndi nsomba za anthu onsewo ndi kamtengo m'manja. Palibe amene amandithokoza. Amati ndikulipira mlandu, ine ndimati popanda ine bwenzi akukambiranabe za nthawi pansi pa mango.

Kukhala malo amodzi masana onse ndi chilango chenicheni kwa munthu ngati ine. Ndimatembenuza usipa, ndimathamangitsa mbuzi, ndimazungulira mathandala mpaka mapazi kupsa. Pali khwangwala mmodzi wolumala phazi amene ndayamba kumuphunzitsa kuti azidya za azakhali zokha, ndipo akuonetsa chidwi.

Lachitatu lapitali amayi anabwera mochedwa, miyendo ili ndi matope a kumtsinje. Anagwira nsomba kuona ngati zauma, anasuzumira pansi pa thandala, sanapeze cholakwika. Atayamba kuwolera anandiuza, osandiyang'ana, kuti Lolemba kuli mayeso, ndifulumire.