Galimoto ya a Kansanza Sidetsedwa

Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi akuntchito okha. Ena onse, kuyambira ana apamsewu mpaka akuluakulu akutchalitchi, ankangowati a Kansanza, chifukwa cha kansanza kachikasu kamene sikankachoka paphewa pawo. Kumaliro kali paphewa, kuukwati kali paphewa. Mwana wawo woyamba, amene banja lonse linkamuitana kuti Chisamba, ankati mwina bambo akewo anachita kubadwa nako.

A Kansanza anali dalaivala. Unyamata wawo wonse anauthera poyendetsa mabwana a kampani ina, ndipo matenda awo aukhondo anawatengera komweko. Panali bwana wina amene akalowa m'galimoto ankayendetsa chala padashibodi, n'kuchiyang'anitsitsa, kenako n'kuchipukutira pashati ya dalaivala. Munthu wamkulu, wa ana ake, kumusandutsa chopukutira m'manja! A Kansanza ankangoti pepani bwana, mkwiyo n'kumeza. Atasiya ntchitoyo anagula kagalimoto kawokawo, kakale koma kolimba, ndipo zonse zimene anameza zaka zija anakazilavulira kunyumba. Tsopano bwana anali iwo, ndipo oyang'anidwa ngati ali ndi fumbi anali akazi awo ndi ana.

Kuyera kokha galimotoyo inkayera, pamenepo palibe angatsutse. M'mawa uliwonse ndowa ziwiri, ina ya sopo, ina yotsukuluzira. Makapeti panja, kuwakuntha, kuwachapa, kuwayanika pampanda. M'timipata totulutsa mphepo ankapisamo mswachi wakale. Koma unali ukhondo wolusa. M'galimotomo munalibe kudya, munalibe kumwa, ngakhale kutsamira mutu pagalasi unali mlandu. Chisamba akadali pasukulu anachita nseru m'njira tsiku lina. Bambo ake sanafunse n'komwe kuti mwana wadwala chiyani. Anamutsitsa, anamuuza kuti akafike wapansi, iwo n'kuthamangira kumpopi.

Amayi ake a Chisamba anali osoka, munthu wofatsa amene mawu ake ankamveka pang'ono kuposa makina ake. Ndi iwo amene anasoka nsalu zokutira mipando ya galimotoyo, zoyera mbee, monga analamulira amuna awo. Atafika pa mpando wakumbuyo anafuna kusiya mabowo otulukira malamba, koma a Kansanza anakana kwamtuwagalu.

"Mabowo a chiyani? Mukufuna nyenyeswa zizilowera pamenepo? Tsekani ponseponse."

Malamba anawakankhira pansi pa mpando, amayi n'kusoka mpaka kumapeto. Lamba wawo a Kansanza ankachita kumangira kumbuyo kwa msana, kuti galimoto isamalire komanso shati isakwinyike, ndipo ankangokokera pachifuwa akaona apolisi patsogolo. Mpando wapambali pawo unali ndi mwini wake: katoni ya mabotolo a polishi, sopo ndi maburashi. Katoniyo ndiye ankaimanga lamba bwinobwino kuti polishi asatayike. Tangomvani! M'galimoto monsemo chomangidwa lamba chinali katoni, akazi awo ali kumbuyo atagwirira pachitseko.

Chisamba anakula, anatsegula saluni yake, anakhala pakhomo pake, ndipo galimoto ya bambo ake analumbira kuti sadzakweranso. Lumbirolo linatha amayi atadwala. Anawachita opaleshoni ya pamimba, bala lalitali ndithu, ndipo tsiku lotuluka m'chipatala namwino anamukokera Chisamba pambali.

"Balalo lisagwedezeke, ulusi ungaduke. M'galimoto muwaikire pilo pamimba, lamba adutse pamwamba pa piloyo. Ayende pang'onopang'ono amene akuyendetsayo."

Chisamba anachokera kuntchito, chikwama cha zipangizo zake chili pamkono, pilo ali m'khwapa. Panja anapeza bambo ake akupukuta chitseko chimene chinali chowala kale. Anawakhazika amayi pampando wakumbuyo, n'kuyamba kupapasa nsalu ija.

"Ababa, titulutse lamba."

"Lamba wa chiyani? Kunyumba ndi pompa."

"Anena ndi anamwino."

"Anamwino anayendetsapo galimoto? Ine ndayendetsa mabwana moyo wanga wonse, ngakhale nkhuku sindinagundepo. Usandiphunzitse ntchito iwe, ndinakusintha matewera."

"Simunandisinthepo, munkaopa kudetsa manja. Katoniyo ibwere kumbuyo, amayi akhale kutsogolo."

"Polishi akatayikira pansalu yoyerayo uchapa ndiwe?"

Mtima wa Chisamba unali utayamba kale kuwira, koma amayi anamugwira dzanja. "Siya mwanawe, anthu akutiyang'ana. Ndigwirira pomwe ndimagwirira." Anali atatuwa milomo, akupuma mwapang'ono, ndipo Chisamba anaona kuti kukangana padzuwa kukuwatopetsa. Analowa, anakhala pambali pawo, anawagwirizira pilo pamimba ndi manja ake awiri, mano ali kukutu.

Anayenda bwino mpaka pamphambano pamene pamakhala mashopu ambiri. Apa m'pamene a Kansanza anaona chidindo cha chala pagalasi lakutsogolo, chakumbali kwa katoni kuja. Kaya anasiya ndani. Munthu wina aliyense akanati ndikapukuta kunyumba. Iwo ayi. Anasolola kansanza, anaweramira kumbali, dzanja limodzi pachiwongolero, maso pagalasi osati pamsewu.

"Ababa, lole!"

Lole imene inali patsogolo inali itaima. A Kansanza anaponda buleki ndi mphamvu zawo zonse, matayala analira, galimoto inaima osagunda. Katoni sinasunthe. Koma amayi anapulumuka m'manja mwa Chisamba, nkhope inakamenya kumsana kwa mpando wakutsogolo, thupi n'kupindikira pomwe panali bala paja. Sanakuwe. Anangoti "mayo" kamodzi, motsitsa, manja ali pamimba. Magazi a m'mphuno anatsikira pachibwano, ena kudonthera pampando.

A Kansanza anaimika pambali pa msewu, anatuluka mothamanga, anatsegula chitseko chakumbuyo. Chisamba anasendera kuti bambo ake awagwire amayi. Dzanja lawo linadutsa nkhope ya akazi awo, linadutsa phewa, linakafika pampando. Anayamba kudinda madontho aja ndi kansanza.

"Tadzutsani mutu, mayi, mukudonthezera. Magazi akauma sachoka."

Apa zonse zimene Chisamba anasunga kuyambira tsiku limene anayenda wapansi akusanza zinatulukira pamodzi.

"Asa! Ababa, muli bwinobwino inu? Mkazi wanu akukha magazi, inu mukudandaula nsalu? Munakwatira nsaluyi? Inakuberekerani ana nsaluyi? Chokani apa!"

"Iwe, ukulankhula ndi ine?"

"Ndi inu nomwe! Manyazi mulibe? Bwana wanu uja anapita kalekale, koma mpaka lero mukumupukutirabe galimoto, ife mukutiyesa matope!"

Anthu anali atayamba kuunjikana, ogulitsa m'mashopu, okwera njinga, ndi dalaivala wa lole ija. Chisamba analibe nazo ntchito. Anavula mpango wake n'kuwagwiritsa amayi pamphuno, anakweza bulauzi yawo pang'ono, ndipo anaona kuti bandeji yayamba kufiira. Anapisa m'chikwama, anatulutsa sizasi yometera, anaibaya pakati pa nsalu yoyera ija. Phweee, kuchokera kuno mpaka uko.

"Ukung'amba! Mwana iwe, ukung'amba!"

"Ndikung'ambadi. Tayandikirani muone bwino."

Anapisa dzanja pansi pa mpando, anasolola lamba amene sanaonepo dzuwa chigulireni galimoto, anaika pilo, anawamanga amayi ake. Kenako anatsegula chitseko chakutsogolo, anamasula katoni ija n'kuitula m'ngalande, mabotolo mbwee. A Kansanza anachita ngati awerame kuti atole.

"Mukatola botolo limodzi lokha, makiyi ndipereka kwa adalaivala a lolewa atiyendetse ndi nsapato zawo za girizizo. Bwererani kuchipatala. Ndipo lamba wanuyo adutse pachifuwa, tione ngati shati ingafe."

Anabwerera mwakachetechete. Kuchipatala anapeza kuti ulusi waduka mbali imodzi, ndipo anawasokanso amayi n'kuwagonekanso. Namwino uja anamuyang'ana Chisamba ndi diso lofunsa, iye n'kungoloza ndi mlomo kukhonde kumene bambo ake anakhala pabenchi, manja ali pakati pa mawondo.

Masiku amene amayi anagonanso m'chipatala, a Kansanza ankabwera m'mawa ndi masana omwe. Ankabweretsa zipatso, madzi otentha m'fulasiki, ngakhale wailesi yawo imene sankalola munthu kuikhudza. Pepani yekha ndiye sankatuluka. Munthu amene anathera unyamata akunena pepani kwa mabwana, kwa mkazi wake mawuwo anamukanika pakhosi! Ankangoima kumiyendo kwa bedi n'kumafotokoza za lole zimene zimaima popanda magetsi akumbuyo. Amayi ankamvetsera, maso ali kudenga. Chisamba zinkamunyansa mpaka ankatuluka panja kuti asalankhule zoipa pamaso pa odwala ena.

Madzulo ena, bambo atapita, Chisamba anati, "Amayi, mukatuluka mukakhale kwa ine mpaka bala lipole."

"Nanga bambo ako adzadya chiyani?"

"Adzadya polishi."

Amayi anafuna kuseka koma bala linawaletsa. Kenako anati, "Mphuno sinandipweteke kwenikweni, ngakhale balali. Ndinaliona dzanja lija likubwera, mwanawe. Ndinapendeketsa nkhope kuti andipukute." Anatembenukira kukhoma.

Tsiku lotuluka kachiwiri, a Kansanza anafika chipatala chisanatsegule n'komwe zitseko za odzaona odwala. Galimoto anaiimika pafupi penipeni ndi khomo. Nsalu zoyera zonse anali atazichotsa, mipando ili yotuwa monga inabwerera. Malamba akumbuyo anali atawatulutsa onse n'kuwayala pampando. Kutsogolo kunalibe katoni, ndipo mpandowo anali ataukankhira m'mbuyo kuti wodwala atambasule miyendo, pilo watsopano ali pomwepo. Chisamba ataona zimenezi mtima wake unafewa pang'ono, ngakhale sanafune. Takisi anali ataitana kale, inali itaima chapatali, yafumbi, mpando wake wong'ambika, dalaivala wake akudya buledi, nyenyeswa zili pamiyendo. Koma Chisamba anaganiza kuti amayi akasankha kupita ndi amuna awo, iye sawaletsa.

Amayi anatuluka pang'onopang'ono, dzanja lina pamimba, lina paphewa pa Chisamba. A Kansanza anathamangira kutsegula chitseko chakutsogolo, n'kuchigwirira monga ankachitira ndi mabwana aja.

"Lowani kuno, mayi a Chisamba. Kutsogolo. Lamba ndi ameneyu, ndayesa, akugwira bwino."

Amayi anaima. Anayang'ana mpando uja, anayang'ana pilo, anayang'ana amuna awo amene anakhala nawo kuyambira utsikana. Nkhope yawo inalibe mkwiyo, ndipo Chisamba anaona kuti bola akanakalipa.

"Musavutike, bambo," anatero mwaulemu wawo wamasiku onse. "Ndingakudetsereni."

Anamutsina Chisamba paphewa kuti ayende. Anadutsa galimotoyo, anakafika patakisi ija, dalaivala anasasa nyenyeswa pampando ndi chikhatho, ndipo Chisamba anawamanga lamba amayi ake. Pamene takisi inkakhota kutuluka pageti, Chisamba anacheuka. Bambo ake anali ataimabe pomwe paja, atagwira chitseko chotsegula, ndipo mlonda wa pachipatala ankawakodola kuti asunthe galimoto, akutsekereza njira.