Galu amene ndinapita naye ku polisi

Galimoto yanga yoyamba ndinaigula kwa mphunzitsi wina wa ku mishoni amene ankabwerera kwawo, ndipo inali itatopa kale ndi dziko. Chitseko cha dalaivala chinkatseguka ukachikankha ndi phewa, ndipo m'mawa galimotoyo inkayamba yatsokomola ngati nkhalamba yosuta fodya wa chingambwe isanavomere kulira. Koma pa boma la Kasupe, lomwe lero timati Machinga, kalaliki wamng'ono ngati ine kukhala ndi galimoto yakeyake sinali nkhani yamasewera. Mutu unakula. Ndinayamba kuvala tayi ngakhale popita kumsika kukagula tomato. Nditapita ku Blantyre kukadula inshuwaransi, bambo wa mu ofesimo anandipatsa malangizo a zochita pakachitika ngozi, ine n'kuwaloweza onse monga ndinalowezera katekisimu ndili mwana.

Masiku amenewo ndinali pa chibwenzi ndi mtsikana wina wa kwa Mposa amene ankasoka zovala pa khonde la sitolo pabomapo. Ndinkamukonda kwambiri, ndipo ndinkafuna kumukwatira. Vuto linali loti kwawo ndi Asilamu pomwe ine ndine Mkatolika wa kwa Nsamala, ku Balaka. Mawu omaliza anali m'kamwa mwa amalume ake, amene iye ankawatchula kuti amjomba, bambo wogulitsa matemba a ku Chilwa, wa mkanjo woyera ndiponso wosalankhulalankhula. Sanakane, sanavomere. Anangoti akufuna akaone kaye kwathu ndi maso awo. Ine ndinadzipereka kukawatenga pa galimoto, poganiza kuti zimene pakamwa panga pangalephere, galimoto ikandinenera.

Tinanyamuka Loweruka m'mawa. Amjomba anakhala kutsogolo, ndipo chikwama chawo pamodzi ndi mswala wawo, kamkeka kamene ankapemphererapo, ndinaziika ku buti. Njira yonse wolankhula ndinali ine. Ndinawaphunzitsa magiya, ndinawamasulira zikwangwani za pamsewu, iwo akungoti "eya" apo ndi apo. Titatsika mapiri kulowera ku Liwonde, galu wofiira anavumbuluka m'chimanga n'kulowa mumsewu. Ndinaponda buleki, koma buleki ya galimoto ija inkayamba yaganiza kaye isanagwire. Tinamva kugunda kutsogolo, galimoto n'kukaima patsogolo pang'ono.

Nditatsika ndinayamba kuyang'ana nyali yakumanzere, yomwe inali itasweka, kenako ndiye ndinayang'ana galu. Amjomba anaona chimene ndinayambira. Galuyo anali m'mbali mwa msewu, miyendo yakumbuyo itathyoka, akupumira m'mwamba.

Anthu anabwera kuchokera m'minda ndi m'nyumba zapafupi. Ine ndinakonza tayi n'kuima pamalo okwera. Ndinawauza kuti lamulo limati dalaivala akagunda galu aime, apeze mwini wake, ndipo akanene ku polisi tsiku lisanathe. Ndinawonjezera kuti a inshuwaransi amafuna lipoti la apolisi ndi mayina a mboni, choncho aliyense amene waona atchule dzina lake ndi mudzi wake. Ndinasolola cholembera m'thumba la malaya. Pamene ndinkakweza mutu, gulu lija linali litasungunuka. Ena anakumbukira mbuzi zawo, ena anangolowa m'chimanga osatsanzika.

Sindingawanene. Nthawi imeneyo munthu wa tayi akatsika m'galimoto n'kuyamba kufunsa mayina, wanzeru ankasowa. Ukapita ku polisi ngati mboni unkaopa kuti ayamba akufunsa khadi ya chipani, akufunsenso za msonkho, ndipo ukakhala mwini galu akufunse ngati anabayitsa katemera wa chiwewe. Zonsezi ndinkazidziwa, popeza ndinkakhala m'dziko lomwelo. Koma tayi ikathina pakhosi, nzeru zimavutika kukwera kumutu.

Anatsala mayi mmodzi wachikulire, khasu lili paphewa. Galu uja anayamba kudzikoka ndi miyendo yakutsogolo kulunjika pomwe anaima mayiwo, mchira ukugwedezeka m'fumbi.

"Mayi, galuyu ndi wanu?" ndinafunsa.

"Iyayi, bwana. Sindikumudziwa."

Galuyo anafika n'kutsamiritsa chibwano pa phazi lawo. Mayiwo sanachotse phazilo. Ankangoyang'ana kumapiri. Munthu aliyense wamaso akanaona mwini galu, koma ine ndinali kalaliki, ndipo kwa kalaliki zoona ndi zimene munthu wanena ndi pakamwa pake.

Amjomba anatsika n'kulankhula nawo m'Chiyao motsitsa mawu. Chiyao changa chinali cha kumsika, komabe ndinatolapo kuti mayiwo ankakhala okha, ndipo galuyo ndiye ankapirikitsa anyani otsika m'phiri kudzathyola chimanga chawo. Atatha, amjomba anatembenukira kwa ine.

"Akalaliki, apepeseni mayiwa tizipita."

Apa ndi pamene malangizo a ku Blantyre anagwira ntchito. Bambo wa inshuwaransi uja anali atanditsindikira kuti pamalo a ngozi usavomere kulakwa, ngakhale kunena kuti pepani, chifukwa ukatero kampani ikhoza kukana kulipira. Ndinawakokera amjomba pambali n'kuwanong'oneza zimenezi. Anandipempha kuti ndibwereze. Ine poganiza kuti achita chidwi ndi kudziwa kwanga, ndinabwereza mokweza, mayi aja akumva. Ndinawonjezeranso mfundo yangayanga, yoti munthu sungapepese kwa amene wanena yekha kuti galu si wake. Mpaka lero ndimati mfundo imeneyo inali yolimba, kungoti palibe amene anandiombera m'manja.

Tili mkati motero galu anatsirizika. Tsopano mboni ndinalibe, mwini galu ndinalibe, ndiye ku polisi ndikanakaonetsa chiyani? Ndinaganiza kuti umboni ndi galu yemweyo. Ndinatsegula buti, n'kumunyamula pachifuwa. Aka kanali koyamba komanso komaliza kuona amjomba akuthamanga. Anafika ku buti ndisanamutsitse, n'kutsomphola chikwama ndi mswala wawo. Kwa iwo galu ndi najisi, chinthu chodetsa chimene sichiyandikira zopempherera. Izinso ndinkazidziwa, mtsikana uja anali atandiphunzitsa bwinobwino. Mayi aja anatambasula dzanja ngati akufuna kunena kanthu, koma atayang'ana tayi yanga analibweza. Tinanyamuka, amjomba atadzikanikiza ku chitseko, katundu wawo ali pamiyendo, nkhope ili pawindo. Ine malaya onse anali magazi ndi ubweya.

Pa polisi ya ku Liwonde ndinapeza sajeni atakhala pakhonde. Ndinamufotokozera zonse mwadongosolo, m'Chingerezi chimene ndinkasungira akuluakulu a boma. Anapita kukasuzumira ku buti, n'kuitana anzake kuti nawonso adzaone. Anandifunsa mwini galu, ndinati palibe. Iye anati galu wopanda mwini alibenso mlandu. Nditatchula za nyali yosweka, anapempha kuona pepala la inshuwaransi, ndipo anandifotokozera mofatsa kuti inshuwaransi imene ndinadula inali yotchipa ija, yolipira anthu ena amene ndawawonongera zinthu, osati kukonzera galimoto yanga. Kutanthauza kuti pa tonsefe amene tinaima pamsewu paja, munthu amene pepalalo likanamuthandiza anali mayi aja, omwe ndinawaopseza mpaka kukana galu wawo. Pomaliza anandiuza kuti ndichotse chinthucho ntchentche zisanadzaze pa polisi, ndipo ndisayerekeze kukachitaya m'mbali mwa msewu.

Nditabwerera ku galimoto, amjomba munalibe. Ndinawapeza pansi pa mtengo podikirira basi yobwerera ku Kasupe. Ndinawachonderera kuti ku Balaka kwatsala pafupi, ndipo mayi anga akutidikira. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, chifukwa anali munthu waulemu.

"Akalaliki," anatero, "m'banja anthu amapondana tsiku ndi tsiku. Mukadzamuponda mwana wa mlongo wanga, muzidzayamba mwapita ku Blantyre kukafunsa ngati n'zololedwa kupepesa?"

Basi inabwera, anakwera. Ndinatsala ndikukwiya, chifukwa pa zonse zimene ndinachita tsiku limenelo panalibe ngakhale chimodzi chotsutsana ndi lamulo.

Kubweza galu kwa mayi aja manyazi anandigwira, kumutaya sajeni anali ataletsa, choncho ndinangowoloka Shire n'kulunjika kwa Nsamala. Kumudzi anali atakonzeka ngati kukubwera bishopu. Bwalo linali losesedwa mpaka kumsewu. Nkhumba zathu anali atakazisungitsa kutsidya kwa mtsinje, agalu athu atawamangirira kuseri kwa nkhokwe, ndipo mayi anga anali ataitanitsa Msilamu wa mudzi woyandikana kuti adzazinge mbuzi, cholinga choti mlendo adye mtima uli m'malo. Galimoto itangotulukira, azimayi a m'mudzimo anayamba nthungululu. Amalume anga anatsegula chitseko cha mlendo n'kupeza mpando wokhawokha. Mlongo wanga, pofuna kuonetsa khalidwe, anathamangira ku buti kukalandira katundu. Ndinafuna kumuletsa, koma chitseko changa chinali chikulimbana ndi phewa langa.

Nthungululu zija zinazima. Mayi anga anabwera, anasuzumira mu buti, anayang'ana malaya anga, kenako anandifunsa modekha ngati alendo amene ndinalonjeza aja ndi amenewa. Galuyo tinamukwirira kumunda madzulo omwewo, ndipo mbuzi tinadya tokha, anthu akutsamwa ndi kuseka.

Lolemba lake ndinapita kukhonde la sitolo kuja. Mtsikana uja anali pa makina, ndipo maso ake ankaonetsa kuti wagona akulira. Anandiuza kuti amjomba ake sananditukwane. Anangouza abale kuti ku Balaka sanafike, koma zimene ankafuna kukaona anaziona panjira. Mtima wanga unasweka, chifukwa ndinadziwa tanthauzo lake. Komabe iye anali asanataye mtima. Anasiya kupalasa makina n'kundiyang'ana, ndipo ndinaona kuti akundipatsa mpata womaliza.

"Kwa mayi aja munabwererako?" anandifunsa.

Ndinali ndisanabwerereko, ngakhale kuti pochoka ku Balaka ndinadutsa pomwepo. Ndikanati ndipita lero lomwe, kapena ndikanangokhala chete, mwina bwenzi nkhaniyi ili ina. Koma ndinayamba kumufotokozera kuti malinga ndi lamulo, mayiwo anakana okha kuti galu si wawo. Anandisiya ndinene mpaka kumapeto, monga amjomba ake. Kenako anaweramira pa makina n'kupitiriza msoko umene anausiya, ndipo sanadzutsenso mutu.